Kabotolo ka Che Hamadi

Amene anakwerapo sitima ya ku Nayuchi m'zaka za chipani chimodzi, tiyi wa Zaina anamwapo, ngakhale dzina lake sanalidziwe. Mayiyu ankakhala pansi pa mtengo kuseri kwa siteshoni ya Nkaya, ali ndi mbaula, ketulo yakuda bii, ndi beseni la zitumbuwa lovundikira nsalu. Pa Nkaya ndi pamene njanji imagawikana, ina kulowera ku Balaka, ina ku Limbe, ina n'kukawoloka Shire pa Liwonde kupita ku Mozambiki. Sitima zinkaima pamenepo kudikirana, ndipo anthu anjala sankasowa. Azimayi anzake ankamutchula Abiti Usumani, potengera dzina la bambo ake. Koma anyamata a njanji, pomunena kumbali, ankati ndi a Mufunsiranji. Ukangoti, "Mayi, nthochi za zitumbuwazi munagula kuti?" iye ankakuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako n'kuyankha kuti, "Mufunsiranji?"

Musamuseke msanga, sanabadwe wotero. Anabadwira kutsinde kwa phiri la Chikala ku Machinga, ndipo ali mtsikana anali wolongolola kuposa anzake onse a pachitsime. Chinamusintha ndi nkhani ya mlongo wake Swaibu. Dziko litangolandira ufulu, kumapiri kwawoko kunabuka chipwirikiti, asilikali akusaka anthu amene ankati aukira boma. Nthawi imeneyo kunabwera bambo wina wosoka nsapato, waulemu, Chiyao chili kudzadza m'kamwa. Anakhala pakhonde pawo masiku angapo, kudya nawo m'mbale imodzi, uku akufunsa tinthu topanda pake. Swaibu amapita kudimba nthawi yanji? Amabwerako dzuwa lili pati? Amayenda ndi yani? Woyankha anali Zaina, akuseka n'kuseka. Wosoka nsapato uja atachoka, kunabwera galimoto. Swaibu sanaonekenso, ndipo maliro ake sanalire, poti kulira munthu wotengedwa motero unali mlandu pawokha. Kuyambira pamenepo Zaina anatseka pakamwa.

Anakwatiwa ndi Che Hamadi, munthu wofatsa ngati nkhosa, amene anapeza ntchito pamene ankamanga njanji yatsopano yopita kumalire. Njanji itatha anawasiya pa Nkaya kuti azitembenuza chitsulo cholowetsa sitima m'njira yake. Ntchitoyo inali yosinthana, masabata ena usana, ena usiku, umene eni ake ankati naiti. Mwana anakula mmodzi yekha, Lukiya, ndipo anakwatiwa ku Ntaja. Pakhomo panatsala anthu awiri, ndipo Zaina amuna akewo ankawakonda mwa nkhanza, monga amakondera munthu amene anatayapo kale wake.

Matenda a Che Hamadi anayamba mwakachetechete. Poyamba kunali kupotokola m'mimba, kenako kutsegula, kenako magazi. Akakhala pa naiti zinkanyanya, moti ankasiya chitsulo chija n'kuthamangira kuthengo kangapo kusanache. Akabwerera ku ntchito ya usana zinkaphwa pang'ono, munthu n'kuyamba kudya. Zaina anachiona chimenechi, ndipo tanthauzo lake sanalisowe: usiku ndi pamene amayenda oipa, ndipo ntchito ya njanji inali ndi ambiri oisirira. Anapita kwa shehe, amene analemba mawu opatulika pambale n'kutsukuluza kuti wodwala amwe madziwo. Anapita mobisa kwa sing'anga wa ku Utale, n'kubwera ndi mizu yowawa. Kuchipatala chaching'ono anati ndi kamwazi, n'kupereka mapiritsi. Zonsezi zinangodutsa. Che Hamadi anayamba kuboola mabowo atsopano pa lamba wawo ndi msomali.

Ndiye m'mawa wina, chimanga chitayamba kuuma m'minda, pa siteshoni panafika mnyamata pa njinga, kumbuyo atamangirira kabokosi kathabwa. Anavala malaya oyera ositidwa bwino, kamtanda kakulendewera pakhosi. Anati dzina lake ndi Elliam, kwawo ndi kwa Nsamala, ndipo amagwira ntchito mu labotale ya chipatala cha mishoni cha kuseri kwa Balaka, kumene amayeza magazi ndi zina zotuluka m'thupi. Anagula tiyi, n'kukhala pa benchi pakati pa amuna ongoweruka naiti. Panali Che Hamadi, panali a Amosi, mnzawo wa pantchito amene nayenso m'mimba munali mutamusautsa, ndi ena angapo.

"Adokotala athu aona chinthu chodabwitsa," anatero Elliam. "Alonda, anthu a njanji, onse ogwira ntchito usiku akubwera ndi m'mimba mofanana. Tikayeza, ena tikupeza njoka za m'mimba, ndipo amenewo ndi osavuta. Koma ena mulibe njoka, mulibe kachilombo kalikonse, chonsecho matumbo ali zilonda zokhazokha. Ife tikuganiza kuti thupi lili ndi nthawi yake, ngati tambala amene sachita kuuzidwa kuti kwacha. Matumbo nawonso amafuna kugona. Mukamawadyetsa pamene akufuna kupuma, n'kumawagoneka dzuwa lili paliwombo, chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kuluma mwini wake."

"Ndiye mukuti thupi langa lomwe ndi limene likundidya?" anafunsa a Amosi. Amuna aja anaseka.

"Sitinatsimikize, bambo. N'chifukwa chake ndabwera. Ameneyu ndi kafukufuku." Apa mnyamatayo anamwetulira mwamanyazi, n'kuwonjezera kuti ntchitoyi ikayenda bwino adokotala amulonjeza malo a sukulu kunja, kuti akaphunzire za zimenezi mpaka adzakhale wofufuza weniweni.

Zaina ankakoleza makala, koma khutu linali pa benchi. Mumtima anati, ehe, ndiye kuti pali chimene upindule. Munthu sapalasa njinga kuchokera ku Balaka chifukwa cha m'mimba mwa mwamuna wa eni ake. Koma chimene chinamuopsa chinali china: anadziwa bwanji mwanayu kuti matenda a amuna ake amakula usiku? Iye sanauzepo munthu.

Kenako mafunso anayamba. Mumagona nthawi yanji? Mumadzuka dzuwa lili pati? Mukakhala pa naiti mumadya liti, sitima ya katundu isanadutse kapena itadutsa? Amene mumakhala nawo maso ndi angati? Atafika pa Che Hamadi anafunsanso za mwezi wa Ramazani, ngati m'mimba mumasintha akamadya daku, chakudya cha m'bandakucha chija. Mkatolika kufunsa za daku! Ndipo Che Hamadi, mwamuna wa mawu ochepa uja, ankayankha zonse bwinobwino ngati mwana wa sukulu, mnyamatayo akulemba. Zaina anathira tiyi mpaka kusefukira m'kapu osaona. Mafunso amenewa anali atawamvapo kale pakhonde la kwawo, ndipo mawu ake analinso aulemu chomwechi.

Pomaliza Elliam anatsegula kabokosi kaja n'kutulutsa tibotolo ta zivundikiro zofiira, kalikonse ndi kamtengo kake. Analemba dzina pa kalikonse. Anati aliyense aikemo chimbudzi chake pang'ono, adzatenga mawa lake. Kuyambira tsiku limenelo Zaina anamutcha Che Mabotolo.

Masana, Che Hamadi atadzuka, anapeza mkazi wawo atakhala pamkeka, kabotolo kali patsogolo pake ngati mlandu.

"Bambo a Lukiya, zinayamba liti kuti munthu wamkulu azipatsa mlendo chimbudzi chake? Tsitsi lanu ndikakumetani ndimakwirira. Zikhadabo zanu sindisiya poyera. Lero chochokera m'kati mwenimweni mukachipereke kwa mwana amene simudziwa ngakhale mayi ake, dzina lanu atalemba pamwamba?"

"Abiti Usumani, ine ndatopa," anayankha Che Hamadi. "Ngati mwanayu angathe kuona chimene chikundidya, msiyeni aone."

"Nanga akakhala kazitape?"

"Kazitape wa chimbudzi?" Anaseka pang'ono, koma kusekako kunawapweteka, n'kugwira pamimba.

Zaina sanatsutsenso. Anali atadziwa kale kuti mwamuna wofatsa sumulimbana naye, umangomuzungulira. Anati chabwino, poti inu m'mawa mumakhala mukugona, muzindipatsa ine ndikapereke. M'mawa mwake Che Hamadi anachita zimene anauzidwa, n'kukagona. Zaina anatenga kabotolo kaja, n'kukhuthulira zonse m'chimbudzi cha pakhomo. Anaona magazi amene anali m'menemo, mtima n'kumupweteka, koma anakatsuka ndi phulusa mpaka kuyera. Ndiye anazungulira kuseri kwa siteshoni, kumene apaulendo amakabisala m'tchire sitima ikachedwa. Anthu inu, mayi waukhondo ngati ameneyu, wosaphonya mapemphero a swala, kuyenda chowerama m'tchire la ntchentche atatseka mphuno ndi mpango, kusankha! Anasankha chimene chinaoneka chatsopano, n'kutapa ndi kamtengo kaja. Mwini wake anali atafika kale ku Nayuchi, ndipo ofuna kulodza akamupeze komweko. Anasamba m'manja kasanu konse, n'kukapereka kabotolo kwa Elliam akumwetulira.

Patapita masiku, mnyamatayo anabweranso, ulendo uno pa galimoto ya chipatala. Anaitana a Amosi ndi amuna ena awiri. Anati mwa iwo sanapeze njoka, koma magazi ndi zizindikiro za zilonda, choncho adokotala akufuna akagone kuchipatala kuti awapime bwino ndi kuwayamba mankhwala ena ochokera kunja. Kwa Che Hamadi anapereka kapepala ka mapiritsi.

"Inu bambo muli ndi njoka, zambiri ndithu. Imwani awa, zitha."

Galimoto inanyamuka ndi amuna atatu aja, fumbi lili koboo. Zaina anaiyang'ana mpaka inazimiririka. Zinachitika monga momwe ankaganizira: mafunso kaye, kenako galimoto. Akazi a Amosi ankati amuna awo apita kuchipatala, ndipo Zaina anangowamvera chisoni. Tsiku limenelo anapha nkhuku. Che Hamadi atafunsa kuti kwabwera mlendo wanji, iye anati palibe, nkhukuyo inkangotha chimanga. Mumtima ankavina, poti mwamuna wake anamulanditsa ndi manja ake. Anaiwala zimene amanena akulu, kuti linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Che Hamadi anamwa mapiritsi onse mokhulupirika. Njoka sinatuluke ngakhale imodzi. Magazi anapitirira, ndipo poti anzawo atatu anachoka, naiti inawagwera iwo kawirikawiri. Masaya analowa, maso n'kuyera.

Ndiye Che Mabotolo anatulukiranso, osati pa siteshoni, koma pakhomo penipeni. Anaimika njinga pa nkhokwe n'kuodira. Anapeza Che Hamadi atagona pamkeka pansi pa mtengo wa mango, ndipo atawaona anagwada pambali pawo. Anawatsegula chikope, n'kuwagwira pamimba.

"Bambo, sindikumvetsa. Zimene ndinaona m'makina ndi zimene ndikuona pano sizikugwirizana. Kapena ndinasokoneza mabotolo ndine. Ngati ndi choncho mundikhululukire." Anatembenukira kwa Zaina. "Amayi, kabotolo kaja munandipatsa ndinu. Sikanakhale pamodzi ndi ka munthu wina?"

"Mufunsiranji?"

"Ndikufuna ndidziwe pamene ndinalakwitsa, basi."

"Iyayi, sikanakhale ndi ka wina aliyense."

Elliam anasiya kabotolo kena, n'kunena kuti adzabwera sabata yamawa, ndipo ulendo uno adzadikira pakhomo pomwepo kuti alandire m'manja mwa mwini wake. Anafunsanso za tulo, za nthawi yodya, za sitima ya katundu. Atapita, Che Hamadi anati, "Mwana ameneyu ali ndi mtima. Ndani wina anabwerapo kudzandifunsa ngati ndinagona bwino?" Zaina anamva ngati amubaya. Zaka zonsezi wowayalira mphasa ndi kuwatchingira dzuwa pazenera anali yani? Koma choposa nsanje chinali mantha. Mnyamatayu anali ataidziwa nyumba, anali atanunkhiza chinyengo, ndipo sakanasiya mpaka atapeza chimene ankafuna.

Mawa lake masana anapita ku golosale ya a Jimu, ati kukagula sopo. A Jimu anali tcheyamani wa nthambi ya chipani pa Nkaya, munthu wa mimba yake, amene ntchito yake yaikulu inali kuima pa siteshoni kufunsa makhadi a chipani. Zaina anthu otere ankawaopa kuposa njoka, ndipo pazaka zonse anali asanalankhulepo nawo mawu opitirira moni. Koma anaganiza kuti munga umachotsedwa ndi munga unzake. Ngati mnyamatayo ndi wa boma, a Jimu adziwa kuti anthu amuzindikira, ndipo amusamutsira kwina. Ngati si wa boma, amuletsa kufika pa Nkaya. Zimene ankafuna n'zomwezo basi, kuti njinga ija isadzaimenso pa nkhokwe yake.

"Ine sindikunena kanthu, a tcheyamani," anayamba motero, akuyang'ana sopo. "Ndangodabwa ndi mnyamata wa mabotolo uja. Wachipatala amafunsa kuti sitima ya katundu imadutsa nthawi yanji usiku? Amafunsa kuti pa siteshoni amakhala maso ndi angati, ogona ndi angati? N'kumalemba?"

A Jimu anasiya kuwerama pa kauntala. Masiku amenewo kutsidya kwa malire kunali nkhondo, ndipo mbiri inkamveka ya sitima zotenthedwa pa njanji yomweyi. Komanso a Jimu anali atakhala nthawi yaitali opanda nkhani yokapereka kwa akuluakulu awo ku Balaka.

"Amalemba?"

"Ndi maso angawa ndaona."

"Mwachita bwino, mayi. Mbumba yeniyeni imatero. Pitani, musauze munthu."

Sabata ija inakwana, njinga sinabwere. Inadutsa inanso. Che Hamadi ankati akamva belu la njinga pamsewu ankadzutsa mutu, kenako n'kuugonekanso. Kabotolo kachiwiri kaja kanangokhala pazenera. Zaina anapuma, ngakhale kuti tulo take sitinali tabwino, poti amuna ake tsopano ankalephera ngakhale kukankha chitsulo cha njanji, ndipo akuluakulu a pa siteshoni anawauza kuti ayambe apuma kunyumba.

M'mawa wina akukoleza mbaula, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Mayi, tiyi wa mkaka, ndi zitumbuwa zinayi."

Atacheuka anapeza ndi a Amosi. Anatsala pang'ono kugwetsa ketulo. Munthu uja anali atamuika kale m'gulu la osabwerera, koma anaima apo wamoyo, masaya atadzaza, khungu likuwala.

"Anakutulutsani?"

"Kutitulutsa kuti? Tinali kuchipatala, mayi. Ankatidyetsa pa nthawi yake, kutigoneka dzuwa likalowa ngati nkhuku, n'kumatipatsa timapiritsi tachikasu. Magazi analeka. Adokotala anapemphanso akuluakulu a njanji kuti ife atatu tizigwira usana wokhawokha." A Amosi anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Koma kumeneko zinthu zavuta. Anatiuza kuti tizipita msangamsanga. Che Hamadi ali bwanji? Mnyamata uja sankaleka kuwatchula."

Zaina anatembenukira ku mbaula. Anathira tiyi, n'kupereka zitumbuwa. Kenako anazimitsa mbaula dzuwa lisanakwere n'komwe, zimene anali asanachitepo, n'kupita kunyumba. Anatenga kabotolo pazenera n'kukagwada pafupi ndi amuna ake.

"Bambo a Lukiya, chitani zija ananena mwana uja. Ndikapereka ndekha kuchipatala."

Che Hamadi anamuyang'ana modabwa, koma analibe mphamvu zofunsa. Ulendo uno Zaina sanakhuthule kanthu. Anakulunga kabotolo m'kansalu, n'kukamangirira m'chiuno mkati mwa chitenje, pamene amasunga zinthu zake zofunika. Anakwera sitima ya ku Balaka, ndipo kuchoka pa siteshoni anayenda wapansi, dzuwa likuswa mtengo, mpaka kukafika pa chipatala cha mishoni. Moyo wake wonse anali asanapondepo pamalo pamene pali mtanda pachipata.

Anafunsa kwa mlonda kumene kuli labotale imene amagwiramo Elliam. Mlondayo atamva dzina la Elliam anayang'ana kumbali, n'kuloza ndi mlomo. Chitseko chimene analozacho chinali ndi loko wamkulu. Zaina anaima pamenepo mpaka panadutsa namwino wina wachikulire, amene pachifuwa pake panalembedwa kuti Dailesi.

"Mukufuna yani, mayi?"

"Mnyamata woyeza uja. A Elliam."

Namwinoyo anamuyang'anitsitsa. "Ndinu abale ake? Wakutumani ndani?"

"Sanditume munthu. Amuna anga akudwala, a ku Nkaya. Che Hamadi."

Dzinalo linafewetsa nkhope ya namwino. Anamukokera kuseri kwa thanki ya madzi, kumene kunalibe anthu, n'kuyamba kulankhula monong'ona. Anati kunabwera amuna atatu ovala masuti, n'kumutenga Elliam ali pakati pa ntchito, pamodzi ndi mabuku ake onse ndi kabokosi kake. Kumene ali palibe akudziwa, ndipo mayi ake akungoyendayenda m'mapolisi. Adokotala, poti ndi mzungu, anawauza kuti atuluke m'dziko muno msanga, ndipo anapita ndi sutikesi imodzi. Mapiritsi achikasu aja ankaitanitsa ndi adokotalawo kwa anzawo kunja, ndipo otsala anatengedwa ngati umboni.

"Ati ankazonda sitima," anatero a Dailesi. "Mwana amene uja! Amene ankaiwala ndi kudya komwe akakhala pa makina ake. Mwezi wamawa uno amayenera kukwera ndege kupita kusukulu, mayi ake anali atamugulira kale jekete la kuzizira. Alipo amene anakamunenera, ndipo Mulungu akumuona. Amuna anuwo ankawadandaula kwambiri. Ankati, a Hamadi aja ndawalakwira, ndiyenera kubwererako."

Zaina anagwira kansalu kaja m'chiuno. Akanatha kunena pomwepo, koma kunena kukanabweza ndani? Anamasula kansalu kaja n'kutulutsa kabotolo, dzina la amuna ake lili pamwamba m'malembo a mnyamata uja.

"Ndabweretsa ichi. Ndi chawo chenicheni."

A Dailesi sanamve kulemera kwa mawu otsirizawo. Anatenga kabotolo, n'kunena kuti kuli bambo wina wothandizira amene amatha kuyang'ana njoka pa makina akale, koma zoposa apo palibe amene angathe. Zaina anadikira pakhonde, pakati pa azimayi a ana odwala. Dzuwa litapendeka namwino uja anabwera.

"Mulibe njoka, mayi, ngakhale dzira limodzi. Muli magazi ndi mafinya. Ndi matenda omwe aja ankafufuza anzathuwa."

"Ndiye mankhwala ake?"

"Ndakuuzani kale. Tingakupatseni a magazi ndi ochepetsa ululu. Muziwapatsa phala, azigona usiku, asagwirenso naiti. Mwina ku Blantyre, koma mmene mukunenera kuti afookeramo, kaya ngati angapirire ulendo." Anamugwira dzanja. "Mukanabwera kale, adokotala asanapite."

Sitima yobwerera inali itapita, choncho anagona kwa wachibale ku Balaka n'kufika pa Nkaya m'mawa. Podutsa pa golosale, a Jimu anamukwezera dzanja mwaulemu, moni amene sankapatsa munthu wamba. Iye anayang'ana pansi n'kufulumira.

Anapeza Che Hamadi pansi pa mango paja, atafunda bulangete ngakhale kunali kotentha. Anatsegula maso pang'onopang'ono.

"Mwamupeza mwana uja?"

"Iyayi. Akuti anachokapo."

"Ndiye kuti wapita kusukulu kuja. Alhamdulillah, zamuyendera." Anapuma kaye. "Nanga kabotolo, ayeza?"

"Ayeza."

"Akuti bwanji?"

Zaina anakhala pansi, n'kuyamba kukonza bulangete kumapazi kwawo kuti asaonane maso.

"Akuti mulibe njoka."

Nkhope ya Che Hamadi inawala, kumwetulira kumene mkazi wawo anali asanakuone miyezi yambiri.

"Mwaona, Abiti Usumani? Mapiritsi ake aja anagwira ntchito, njoka zonse zatha. Inu mumamukayikira mwana wa eni ake. Tsopano kwangotsala kuti mphamvu zibwerere."

"Inde, bambo a Lukiya."

"Mundiphikire phala. Ndikufuna ndidye, ndichire msanga."

Zaina analowa m'khitchini, n'kutseka chitseko, n'kulira mopanda mawu, chitenje atachiluma kuti asamveke panja. Kenako anapukuta maso, n'kuphika phala lija, n'kukawamwetsa ndi supuni. Che Hamadi anamwa theka, akunena za tsiku limene adzabwerere ku ntchito. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe, akukhulupirirabe kuti akuchira.